Mawu Makumi Atatu a Bambo Namakhwa

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inathawa mpaka asodzi kumayenda wapansi pamene ankaponya khoka, anthu ambiri kwathu amachikumbukira ndi njala. Ine ndimachikumbukira ndi ntchito. Ndinali ndi ntchito imodzi chaka chimenecho, yosandilemba munthu, yopanda malipiro: kuonetsetsa kuti a Namakhwa asadye mpunga wa m'munda mwawo. Ndinaigwira mokhulupirika. M'moyo wanga wonse, ndi ntchito yokhayo imene ndinaiyamba n'kuimaliza.

Novembala

Ndinali nditangobwera kuchokera ku koleji ku Zomba, kumene ndinkaphunzira zamagetsi. Ena amati ndinachotsedwa. Zoona zake n'zakuti ine ndi mayeso tinakhala pansi, tinakambirana mwaulemu, tinapeza kuti sitikugwirizana. Ndinafika kwathu kwa Mwambo ndi chikwama chimodzi komanso laputopu yokalamba yomwe batire lake ndinkalimanga ndi mphira wa njinga.

Amayi anga ndi amasiye. Ali ndi kamunda ka mpunga kudambo, kunja kwa sikimu ya ulimi wothirira, kumene anthu anakumba okha ngalande yotenga madzi kumtsinje. Ngalandeyo imayamba yadutsa pamunda wa a Namakhwa isanafike pa wathu. A Namakhwa anali mlembi wa mpingo, munthu wolima atavala jekete. Ndi amene anandipatsa dzina tsiku loyamba lomwe nditafika kutchalitchi.

"Abale, tiimirire. Pulofesa wabwera. Digiri ikubwera m'mbuyo pa kabaza."

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka. Za dzina ndinalibe nazo mlandu.

Masana ndinkakhalira kwa amalume a Jailosi, achimwene awo a amayi. Amalume anakalambira ku Joni akukonza mawailesi, ndipo anabwerako ndi wailesi imene si yomvera nyimbo. Ndi yolankhulira. Ali ndi laisensi yake ya boma, ali ndi dzina lapamphepo la zilembo ndi manambala, ndipo anakoka waya wautali pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ankalankhula ndi nkhalamba zinzawo za kumayiko akutali. Nkhani zake zinali ziwiri: nyengo ndi mawondo.

Ine ndinali nditapeza pulogalamu yaulere imene imasandutsa zilembo kukhala phokoso. Umalumikiza laputopu ndi wailesi podzera pa kabokosi ka mawu, kamene kamalowa m'thumba la malaya. Ukalemba imelo, laputopu imalira, wailesi imaponya kulirako kumwamba, kumakagunda thambo n'kukagwera kwa munthu wina wa wailesi ngati yomweyo ku Joni, amene makina ake ali pa intaneti. Makinawo amaipititsa imelo kumene ikupita, ndipo yankho limakudikira komweko mpaka utaimbanso. Netiweki ya foni sifunika. Kulira kwake kuli ngati chule amene wameza mluzu.

Tinayesa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi imelo inadutsa, kupita kwa Tadala, mnzanga wa ku koleji, amene iyeyo anagwirizana ndi mayeso. Ndinalemba kuti, "Uli moyo?" Anayankha mawa lake kuti, "Ukanangoimba foni." Amalume anavina pakhonde ndi bondo limodzi.

Disembala

Mvula inagwa kawiri, tinadzala chimanga, tinafesa nazale wa mpunga. Kenako kumwamba kunayera ngati mbale yotsuka. Mtsinje unatsala kamadzi koyenda ngati kakuchita manyazi.

M'mawa wina amayi anabwera kuchokera kudambo khasu lili louma.

"Madzi sakufika," anatero.

Ndinapita kukaona. Pamalire a munda wa a Namakhwa panali matumba atatu a mchenga, oyalidwa bwino m'ngalande, ntchito ya munthu wadongosolo. Kumtunda kwa matumbawo nazale anali wobiriwira. Kumunsi kwake nthaka inali itayamba kung'aluka. Eni ake anali chiimire pamzere, jekete lili pathupi.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Madziwa timagawana masiku, lero ndi la amayi."

"Madzi ake ati ogawana? Awa? Awa ndi malovu, mwanawe. Tikagawana tifa tonse."

"Ndiye afe ndi amayi okha?"

"Iwe si uja umatumiza makalata pamphepo? Tumiza kumwamba akutumizire madzi pa kompyuta. Paja ndiwe Pulofesa."

Ndinachotsa thumba limodzi. Mawa lake panali matumba asanu. Amayi anandiletsa kupitanso, anati safuna kukaimbidwa mlandu kumpingo ndi munthu amene amalemba yekha zokambirana. Anayesa kuthirira ndi ndowa, mtunda wake wautali. Pofika Khirisimasi nazale anali atasanduka udzu wofolera nyumba ya mbewa. Amayi anaima pamundapo nthawi yaitali, kenako anati, "Tiye, dzuwa lakwera." Mbewu ina analibe.

Tsiku limenelo m'pamene ndinalembedwa ntchito.

Januwale

Chimanga chinafika m'mawondo n'kupota masamba. A Namakhwa anawokera mpunga wawo, munda wonse, ndipo unagwira. Ndinkadutsa pamenepo tsiku lililonse kukaupatsa moni.

Pamsika ndowa ya chimanga inkakwera mtengo uli pamzere womwewo. Mbuzi yathunthu inkapita ndi ndowa ziwiri. Kuchigayo anthu ankakanganirana madeya amene kale tinkapatsa nkhuku, ndipo nkhukuzo zinali zitapita kale. Matemba kunalibe, nyanja inali kutali ngati mbale wolemera. Azimayi ankapita m'matope kukakumba nyika, timizu takuda tija timene umadya uku ukudzifunsa kuti unalakwanji. Kwathu tinkadya kamodzi, cha m'ma thili koloko, kuti chakudyacho chikhale cha masana ndi chamadzulo pakamodzi.

Mphekesera zokha ndi zimene zinabereka. Ankati chimanga chaulere chafika ku Zomba. Ankati chabwera ndi sitima koma chalowera ku Mozambique. Ankati waya wa amalume ndi umene ukubaya mitambo.

Nkhokwe ya a Namakhwa inali itatha ngati ya wina aliyense. Anali ndi akazi awo ndi zidzukulu zitatu. Koma jekete linali lositidwa, ndipo Lamulungu lililonse ankapempherera "anzathu amene akuvutika." Chiyembekezo chawo chinali pawiri: mpunga uja, ndi mwana wawo Layisoni amene ali ku Joni.

Febuluwale

Mvula imene tinaipempha mu Disembala inabwera yonse pamodzi, ndi mphepo, masiku anayi osapuma. Chimanga chimene chinapirira dzuwa chinagona m'madzi. Mlatho wa panjira ya ku Zomba unapita. Nsanja ya netiweki inazima, ndipo anthu anakwera chulu chilichonse atakweza mafoni m'mwamba ngati akuchitira umboni, koma osapeza ngakhale kamzere kamodzi. Mpunga wa a Namakhwa madzi anangoudutsa pamwamba n'kuusiya uli chilili. Ndinapita kukaona ndekha. Unali wokongola moipa.

Tsiku lachisanu amalume anadzutsa waya umene unagwa, n'kundiyang'ana.

"Chule wako uja amalirabe?"

Tinagwirizana ndi Tadala motere. Anthu azinena uthenga ndi nambala ya foni ya m'bale wawo. Ine ndizilemba mauthenga onse mu imelo imodzi. Iye ku Zomba aziwatumiza pafoni mmodzimmodzi, mayankho aziwasonkhanitsa mu imelo imodzinso. Amene watumiziridwa chimanga, chizifika pamlatho woduka, anthu azikachiolotsa pabwato.

Vuto linali moto. Kasola ka amalume kankadya dzuwa la m'mitambo, ndipo wailesi ikamalankhula imamwa batire ngati ng'ombe. Mphepo ya wailesi inkatilola ola limodzi m'mawa. Kukachita mphezi kulikonse pakati pa kwathu ndi Joni, uthenga unkaduka n'kuyambiranso. Choncho amalume anaimirira pakhonde n'kuika malamulo awiri: banja lililonse kamodzi pa sabata, ndipo mawu asapitirire makumi atatu.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mtundu wathu sudziwa kupempha molunjika. Munthu wagona ndi njala masiku awiri, koma akakhala pampando kuti anene kalata, amayamba ndi moni, kenako za moyo wa wolandira, kenako ana ake mmodzimmodzi, kenako "ife kuno tili bwino." Njala imabwera patsamba lachiwiri, itavala "koma kungoti." Ndiye ntchito yanga inali yometa. Ndinkati, "Mayi, moni akudziwa kale kuti mumawapatsa. Mukufuna chiyani?" N'kutsala kuti: "Nyumba yagwa, tili moyo, chakudya palibe. Tumiza chimanga pamlatho Lachisanu. Amako." Ena ankadandaula kuti kalata yotere ndi yamwano. Koma Lachisanu ankabwera ndi thumba panjinga, mwano uli pakaliyala.

Sabata yachiwiri, m'mawa, pakhonde pali anthu ngati makumi awiri, ndinaona jekete likubwera. Linali litayamba kukula, kapena mwini wake ndi amene ankachepa. Anthu anawapatsa njira. Anakhala pampando, n'kuika chipewa pabondo.

"Pulofesa, lemba."

"Bambo, lamulo mwalimva? Mawu makumi atatu."

"Ndalimva."

"Anzanu ndimawathandiza kufupikitsa. Kapena ndi…"

"Iwe, makalata a mpingo ndinayamba kulemba amako asanakubereke. Usandiphunzitse. Lemba zimene ndikunena, monga ndikunenera. Usawonjezere, usachotsere."

Ndikufuna zilembedwe kuti ndinafunsa. Mboni zinalipo makumi awiri.

Anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu a paguwa kuti pakhonde ponse pamve:

"Wokondedwa mwana wanga Layisoni, choyamba ndikupereka moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndikufuna kudziwa za moyo wako pamodzi ndi apongozi ndi ana. Ukafuna kumva za ife kuno, tonse tili bwino ndithu."

Ndinkawerenga chamumtima. Pa "ndithu" anakwana makumi atatu, osapitirira, osaperewera. Sindine munthu wopemphera kwambiri, koma pamenepo ndinamva kuti kumwamba kuli dongosolo.

Anapitiriza. Ananena za mvula, za denga la tchalitchi, za maliro awiri. Kenako anatsitsa mawu, anawerama mpaka ndinamva fungo la m'kamwa mopanda kanthu, n'kunong'ona kuti anthu asamve: kunyumba kulibe chilichonse, kamdzukulu kakang'ono katupa mapazi, atumize matumba awiri msanga, apo ayi agulitsa mpunga uli m'munda. Zala zanga zinkayenda pamabatani. Ndinalemba zonse, sindinasiye ngakhale liwu limodzi.

"Watha?"

"Ndatha, bambo. Nditumiza monga mwanenera, mpaka pamene lamulo lalekezera."

"Chabwino," anatero, akuvala chipewa. Munthu amene wakhala akulemba malamulo moyo wake wonse saganiza kuti lamulo lingamukhudze iyeyo.

Atachoka ndinawerenga mawu makumi atatu, n'kuika chala pamenepo. Za kamdzukulu zija ndinaziwerenga kawiri, ndisaname. Kenako ndinakumbukira amayi ataima pa nazale wouma, ndipo chala chinatsika chokha, n'kudula uthenga pa "ndithu." Chule analira mphindi zisanu ndi imodzi. Uthenga unadutsa bwinobwino, mphezi sinasokoneze n'kamodzi komwe.

Malichi

Mayankho ndinkawawerenga mokweza pakhonde, chifukwa pepala losindikizira kunalibe. La Layisoni linabwera patapita masiku anayi. Bambo ake anali kutsogolo, atabwera ndi njinga yomangirira kale zingwe pakaliyala.

Ndinaimirira, pakuti uthenga wa mlembi wa mpingo suwerengedwa chokhala.

"Bambo, mtima wanga wakhala pansi kumva kuti nonse muli bwino. Ndimada nkhawa ndi zithunzi za madzi zimene ndimaona pafoni. Mulungu ndi wabwino. Ndibwera mu Juni. Moni kwa amayi."

Ndinakhala pansi. Kenako mayi wina kumbuyo anatsokomola, chifuwa chake chomveka ngati kuseka.

"Wathera pomwepo?" anafunsa a Namakhwa.

"Pomwepo, bambo."

Anandiyang'ana. Ndinawayang'ana. Ndinaona m'maso mwawo akuwerenga, liwu ndi liwu, mpaka kufika pa "ndithu." Akanatha kukuwa. Akanatha kunena pamaso pa anthu onse kuti mwana uyu wadula pempho langa. Koma akanayenera kunena kuti pempholo linali lotani, pamaso pa anthu omwe ankawapempherera Lamulungu lililonse ngati anzathu ovutika.

Anatembenukira kugulu. "Mwamva? Mwana woleredwa bwino. Amayankha." Anakankha njinga yawo n'kumapita, zingwe zikulendewera.

Sabata yotsatira mpata wa banja lawo unafika, sanabwere. Ndinawasungira mpando mpaka mphepo inatseka. Lachitatu tinamva kuti venda wina wa pamsika, amene anali ndi chimanga chobisa, wawapatsa matumba awiri. Posinthana, mpunga wonse wa m'munda uja, umene unali utangoyamba kutulutsa ngala, unakhala wa vendayo. Munda umene chaka chabwino umadzaza ngolo kangapo.

Amalume anazitulukira okha. Anthu a mawailesi amasunga buku la zonse zimene zadutsa pamphepo, ndipo tsiku lina amalume anafuna kuona chimene chinatumizidwa poyerekeza ndi chimene chinalembedwa. Anawerenga, anavula magalasi.

"Unawametera anthu onse. Awa unalekeranji?"

"Anakana okha, amalume. Mboni zilipo."

"Usandiyankhe ngati loya. Muli mwana wotupa mapazi m'kalatamu."

"Lamulo munaika ndinu."

"Ndinaika lamulo losunga batire, osati lophera anthu. Wailesi iyi ndakhala nayo zaka zambiri, sinanamizepo munthu. Iwe waiphunzitsa kunama ndi mawu oona."

Anandilanda mpando. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalemba iwo ali pambali panga, akuwerenga mzere uliwonse, ndipo sankandipatsanso moni wa m'mawa. Anapita okha kwa a Namakhwa kukawauza kuti abwere atumizenso. A Namakhwa anawayankha kuti sakudziwa chimene akunena, kunyumba kwawo zonse zili bwino.

Amene anabwera anali akazi awo. Mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene zaka zonse ndinkangomuona ali kumbuyo kwa jekete. Sanakhale pampando. Sanandipatse moni.

"Lemba. Layisoni, njala. Abambo ako ananama."

"Mwatsala ndi mawu makumi awiri ndi asanu, mayi."

"Apatse ena."

Chimanga chinafika pamlatho patapita masiku asanu, matumba anayi, ndi soya wa phala la mwana. Kamdzukulu kaja kanachira, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho, chifukwa ntchito yanga inali ya mpunga, sinali ya ana. Koma mpunga unali utapita kale. Vendayo anakana kubweza ngakhale atamupatsa matumba atatu.

Amalume anakawauza amayi zonse, poganiza kuti andidzudzula. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi. Anati, "Ndamva, achimwene." Madzulo ake tinali ndi dzungu limodzi, loyamba chaka chimenecho. Analidula pawiri mosalingana, chachikulu n'kuika m'mbale yanga. Sitinakambepo za nkhaniyi, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Epulo

Netiweki inabwerera. Anthu anasiya kubwera pakhonde tsiku lomwelo, ngati sanayambe adziwapo njira yake. Amalume anabwerera kwa nkhalamba zawo ndi mawondo awo. Tinkadya maungu ndi chimanga chochepa chimene chinapulumuka pamtunda.

Meyi

Mpunga unacha. Vendayo analemba aganyu khumi oti amwete, ndipo mmodzi wa iwo anali a Namakhwa, chifukwa ganyu wake ankalipira ndi mpunga womwewo, mbale imodzi patsiku. Apa ndiyenera kuvomereza kuti ntchito yanga sinathe ndendende monga ndinafunira: mbale zingapo anadya. Koma anazidya ngati waganyu.

Ndinapita kukaonerera. Amayi anali atadzala mbatata pamunda wathu, ndiye chifukwa chopitira chinalipo. Ndinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka ngolo yomaliza inanyamuka. A Namakhwa ankamweta osadzutsa mutu. Tsiku limenelo jekete analipachika pamtengo. Ndinkayembekezera kuti ndimva kukoma kwambiri. Ndinamva kukoma ndithu, koma kwa mlingo wake, ngati tiyi wa shuga supuni imodzi.

Juni

Layisoni anabwera monga analonjezera, wonenepa, ndi nsapato zoyera. Tsiku lachiwiri anafika kwa amalume pamodzi ndi bambo ake, kumbuyo kwawo njinga itanyamula katoni yolemera. Tinakhala pakhonde, tinapatsana moni wautali wonse, wopanda malire a mawu.

"Achimwene," anatero Layisoni akundigwira dzanja ndi manja awiri, "inu ndi amene munapulumutsa banja lathu. Pakanapanda uthenga wa amayi uja, sindikudziwa. Madalawa ndi ovuta, inu mukuwadziwa. Munthu nyumba ikupsa, iwo n'kumalemba kuti tili bwino ndithu! Ndawafunsa, bambo, munalekeranji kungonena? Sakundiyankha."

Anatsegula katoni. Munali batire latsopano la sola, lalikulu, la ku Joni.

"Kuti chaka china chule wanuyo asadzavutike."

Amalume anadzuka n'kulowa m'nyumba, akuti bondo. Tinatsala atatu. A Namakhwa ankayang'ana waya wa pabulugamu ngati akuuona koyamba.

"Bambo, simunenapo kanthu?" anatero Layisoni. "Muthokozeni mnyamatayu."

A Namakhwa anachotsa maso pawaya. Kenako anatembenuka, n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Ndi mlembi wabwino," anatero. "Kuposa ine."

Layisoni anaseka, n'kundimenya paphewa. Ine ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kulandira batire ndi manja awiri. Ndi batire labwino kwambiri. Limasunga moto masiku anayi ngakhale kuli mitambo.